Mmene Munthu Amene Ali ndi HIV Angatetezere Ufulu Wake Kuchipatala, Kuntchito ndi Kukhoti

Malamulo okhudza kachilombo ka HIV amasiyana m'mayiko osiyanasiyana, koma madandaulo a anthu amene ali ndi kachilomboka amafanana pafupifupi kulikonse: kuyezedwa magazi popanda kufunsidwa, kuululidwa chinsinsi ndi munthu amene anayenera kuchisunga, kumanidwa kapena kuchotsedwa ntchito, ndiponso kuimbidwa mlandu woika moyo wa munthu wina pachiswe. Nthawi zambiri lamulo limakhala kumbali ya wodandaulayo, koma iye amafika kwa omuthandiza alibe chilichonse cholembedwa m'manja, nthawi yokadandaula itadutsa, kapena atasayina kale pepala limene sanaliwerenge. Malangizo otsatirawa akukhudza zimene muyenera kufunsa, kukana ndi kusunga vuto lisanabwere, kuti likadzabwera mudzakhale ndi poyambira.

Dziwani kaye lamulo la kumene mukukhala

Ufulu wanu sunalembedwe pamalo amodzi. Malamulo aakulu oyendetsera dziko amaletsa tsankho ndipo amateteza ulemu ndi chinsinsi cha munthu, malamulo a ntchito amafotokoza zifukwa zovomerezeka zochotsera munthu ntchito, ndipo mayiko ena ali ndi lamulo lapadera la HIV ndi Edzi. Amene anthu ambiri amawaiwala ndi malamulo a milandu yaupandu, omwe m'mayiko ambiri ali ndi ndime zakale zoletsa kufalitsa matenda oopsa kapena kuvulaza munthu. Apolisi amagwiritsa ntchito ndime zimenezi ngakhale m'mayiko amene alibe lamulo lotchula HIV mwachindunji, choncho amene wawerenga lamulo la HIV lokha n'kuona kuti ndi labwino sanamalize kufufuza.

Malamulowa amasinthanso. Mu 2004, pamsonkhano umene unachitikira ku N'Djamena m'dziko la Chad, panakonzedwa lamulo lachitsanzo limene mayiko angapo a kumadzulo ndi pakati pa Africa anatengera, ndipo linali ndi ndime zolanga munthu wopatsira mnzake kachilombo. Kuchokera nthawi imeneyo makhoti ndi nyumba za malamulo akhala akuunikanso ndime zamtunduwu. Mu 2015, Khoti Lalikulu la ku Kenya linagamula kuti ndime 24 ya lamulo la HIV la dzikolo la 2006 ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko chifukwa sinkafotokoza momveka chimene ikuletsa. Pofufuza, onetsetsani kuti lamulo limene mukuwerenga ndi limene likugwira ntchito panopa. Bungwe la HIV Justice Network limasunga pa intaneti mndandanda wa malamulo ndi milandu ya dziko lililonse, ndipo ofesi ya boma yopereka maloya aulere, bungwe loona za ufulu wa anthu kapena gulu la anthu amene ali ndi HIV lingakuuzeni mmene lamulolo likugwiritsidwira ntchito kwanuko.

Kuyezedwa, kuvomereza ndi chinsinsi

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyezetsa HIV kuyenera kuchitika munthu atavomereza, mwachinsinsi, atalandira uphungu, zotsatira zikhale zolondola, ndipo munthuyo alumikizidwe ndi chithandizo. WHO pamodzi ndi bungwe la United Nations loona za Edzi la UNAIDS savomereza kukakamiza anthu kuyezedwa. Magazi operekedwa kuti akathandize odwala amayezedwa nthawi zonse, koma imeneyo ndi nkhani yoteteza olandira magaziwo. Wachipatala akafuna kukutengani magazi, muli ndi ufulu wofunsa kuti akuyeza chiyani, zotsatira adzapatsa ndani, ndiponso chingachitike n'chiyani mukakana. Funso lachiwirilo ndi lofunika kwambiri pamene amene wakutumizani kuchipatala ndi kampani, sukulu kapena a inshuwalansi, chifukwa pepala limene mukusayina likhoza kukhala ndi mzere wololeza dokotala kutumiza zotsatira kwa iwowo.

Kusayina pepala pakokha sikutanthauza kuti munthu wavomereza. Ku Namibia, amayi atatu amene ali ndi HIV anasumira boma atatsekedwa kuti asaberekenso pamene ankachitidwa opaleshoni yobereketsa m'zipatala za boma. Boma linaonetsa mapepala amene amayiwo anasayina, koma Khoti Lalikulu mu 2012, kenako Khoti Lalikulu la Apilo mu 2014, anagamula kuti chilolezo chotengedwa mayi ali pakati pa ululu wa kubereka si chilolezo chenicheni pa nkhani yaikulu ngati imeneyo. Mayi woyembekezera achite bwino kukambirana za kulera pa masiku a sikelo, kupempha kuti chimene wasankha chilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndiponso kuuza womudikirira kuti pasasayinidwe pepala lililonse lokhudza kutseka pa tsiku lochira. Kukhala ndi HIV si chifukwa chachipatala chotsekera mayi, popeza mankhwala amachepetsa kwambiri mpata woti mwana atenge kachilombo.

Chinsinsi kawirikawiri chimaululika m'njira zooneka zazing'ono. Wogwira ntchito pawindo lolandirira mankhwala amaitana dzina mokweza n'kutchula mtundu wa mankhwalawo pamzere pali anthu. Namwino amafotokozera m'bale amene wabwera kudzazonda wodwala osafunsa kaye mwiniwake. Mphunzitsi amauza aphunzitsi anzake chifukwa chimene mwana amajombera tsiku limodzi miyezi ingapo iliyonse. Zoterezi zikachitika, lembani tsiku lomwelo musanagone: deti, nthawi, chipinda kapena malo, dzina kapena udindo wa wolankhulayo, mawu enieni amene ananena, ndi anthu amene analipo n'kumva. Musakometsere kapena kuwonjezera. Mawu akuti "anandinyoza" sathandiza wofufuza, pomwe mawu akuti "anati, 'a ma ARV imani mbali iyi,' pamaso pa anthu amene ankadikira pabenchi" amamupatsa chinthu choti akafunse. Ngati chinsinsi chaululidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, jambulani uthengawo moonetsa deti ndi nambala kapena dzina la wotumiza asanaufufute, ndipo sungani chithunzicho pamalo ena osati pafoni pokha.

Kuuza ena

M'mayiko ambiri palibe lamulo lokakamiza munthu kuuza abwana ake, eni nyumba imene akuchita lendi, akuluakulu a mpingo kapena achibale kuti ali ndi HIV. Kuulula kumathandiza ambiri kupeza owalimbikitsa ndi owakumbutsa mankhwala, koma madzi akatayika saoleka, choncho ganizirani kaye chimene mukufuna kuti munthuyo akuchitireni akadziwa, ndipo muuzeni momveka kuti simukumuloleza kuuza wina.

Nkhani ya mwamuna, mkazi kapena chibwenzi chanu ndi yosiyana, chifukwa apa ndi pamene malamulo a mayiko ena amalowererapo. Ku Canada, Khoti Lalikulu Kwambiri linagamula mu 2012, pa mlandu wa Mabior, kuti munthu amene sanaulule akhoza kupezeka wolakwa, kupatula ngati tizilombo tinali tochepa m'magazi mwake ndipo anagwiritsanso ntchito kondomu. Mayiko ena amalanga yekhayo amene wapatsira mnzake mwadala, ndipo ena alibe lamulo lotere. Chovuta n'chakuti milandu yamtunduwu kawirikawiri imayamba chikondi chitatha, ndipo kukhoti zimangokhala kuti uyu akuti ananena, winayo akuti sanauzidwe. Njira yodalirika ndi kupita limodzi kwa mlangizi wa kuchipatala, kuyezetsa limodzi ngati n'kotheka, ndi kupempha kuti zilembedwe m'buku kuti munabwera awiri. Ngati munakambirana pa foni, sungani uthenga umene mnzanuyo anayankha. N'zomvetsa chisoni kuti anthu okondana afunike kusunga umboni, koma pamene lamulo lili lotere, kusatero kumaika pachiswe amene ali ndi kachilomboyo yekha.

Ngati mukuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa panyumba, musadzikakamize kuulula muli nokha. Uzani mlangizi za manthawo ndipo pemphani kuti awalembe. Kuyambira mu 2016, WHO imalimbikitsa njira yoti wachipatala athandize kudziwitsa mnzanuyo kuti akayezetse, ngakhale popanda kutchula dzina lanu, koma zimenezi ziyenera kuchitika inu mutavomereza.

Mankhwala ndi zotsatira za magazi

Kuyambira mu 2015, WHO imalangiza kuti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe kumwa ma ARV mosadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Makhoti nawo akhala akunena kuti boma silingamane anthu mankhwalawa popanda chifukwa chomveka. Mu 2002, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linalamula boma kuti lisiye kupereka m'zipatala zochepa zokha mankhwala a nevirapine oteteza mwana kuti asatenge kachilombo kwa mayi ake, pa mlandu umene unabweretsedwa ndi bungwe la Treatment Action Campaign. Mu 2015, khoti la apilo la ku Botswana linagamula kuti akaidi ochokera kumayiko ena ayeneranso kulandira ma ARV. Choncho mukamangidwa kapena kugonekedwa m'chipatala mwadzidzidzi, uzani woyang'anira tsiku lomwelo kuti mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku ndipo pemphani kuti alembe m'kaundula. Simukuyenera kufotokozera aliyense m'chitokosi za matenda anu, koma wachipatala wa pamalopo ayenera kudziwa.

Chinthu chimene chasintha kwambiri nkhani ya HIV ndi malamulo ndi zimene asayansi anapeza zokhudza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, komwe achipatala amakutcha viral load. Kafukufuku wa HPTN 052 anasonyeza mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa mpata wopatsira mwamuna kapena mkazi wako ndi 96 peresenti. Kafukufuku wa PARTNER, amene zotsatira zake zomaliza zinatuluka mu 2019, anatsatira anthu okondana amene mmodzi yekha ali ndi HIV ndipo ankagonana popanda kondomu, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anatenga kachilombo kwa mnzakeyo pamene tizilombo tinali tosakwana 200 mu mililita imodzi ya magazi. Mu 2023, WHO inanena motsindika kuti munthu amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwake ndipo akupitiriza kumwa mankhwala sangapatsire mnzake pogonana. Mfundoyi ikukhudza kugonana kokha. Pa kuyamwitsa, mankhwala amachepetsa chiopsezo kwambiri koma sachichotseratu, ndiye chifukwa chake mayi ndi mwana amafunika kupitiriza kuonedwa ndi achipatala.

Magazi ofufuza kuchuluka kwa tizilombo amayezedwa pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, pakatha miyezi 12, kenako chaka ndi chaka. Anthu ambiri amangouzidwa pakamwa kuti "zili bwino" n'kunyamuka. Inu pemphani kuti nambalayo ndi deti lake zilembedwe m'buku lanu, kapena jambulani pepala la zotsatiralo, ndipo musataye mabuku akale akadzaza. Mndandanda wa zotsatira za zaka zingapo umathandiza dokotala watsopano mukasamuka, ndipo tsiku lina ukhoza kukhala umboni waukulu kwambiri umene loya wanu angakhale nawo. Zotsatira zikachedwa kubwera, funsani mobwerezabwereza, chifukwa magazi ena amasochera panjira yopita ku labotale ndipo achipatala sangadziwe mwiniwake akakhala chete. Pa ulendo womwewo funsaninso za kuyezetsa ndi kupewa chifuwa chachikulu, chomwe ndi matenda amene amapha anthu ambiri amene ali ndi HIV, ndipo amayi afunse za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, popeza WHO imati mpata wodwala khansayi ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi kwa mayi amene ali ndi HIV.

Kuntchito

Mu 2010, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa Malangizo nambala 200, amene amati munthu asayezedwe HIV kuti alembedwe ntchito, asakakamizidwe kuulula, ndipo asachotsedwe ntchito chifukwa ali ndi kachilombo kapena akuganiziridwa kuti ali nako. Malangizowa sakakamiza boma lililonse, koma mayiko ambiri anaika mfundo zofanana nazo m'malamulo awo ndipo oweruza amawagwiritsa ntchito. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2000, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linali litagamula kale mlandu wa Hoffmann, bambo amene anapambana mayeso onse a ntchito yosamalira anthu m'ndege koma kampani ya South African Airways inamukana magazi ake atasonyeza HIV. Khotilo linati limeneli linali tsankho losayenera ndipo linalamula kuti alembedwe ntchito.

Masiku ano olemba ntchito sanena poyera kuti akukuchotsani chifukwa cha HIV. Amati ntchito yachepa, kapena mwayamba ulesi, kapena amakusunthirani kumalo ovuta kuti musiye nokha. Chimene chimaulula cholinga chawo ndi ndondomeko ya masiku, ndiye lembani tsiku limene abwana anadziwa, tsiku limene khalidwe lawo linasintha, ndi tsiku limene munalandira chenjezo loyamba. Sungani kunyumba kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro ndi makalata alionse oyamikira ntchito yanu, chifukwa mukaletsedwa kulowa pageti simudzathanso kutenga zimene zili m'kabati ya ku ofesi. Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa chopsa mtima kapena chifukwa chouzidwa kuti ndi njira yaulemu, popeza amene wasiya yekha amavutika kwambiri kutsimikizira khoti kuti anachotsedwa. Pemphani chifukwa chokuchotserani cholembedwa, ndipo pepala lililonse limene mwapatsidwa kuti musayine mupite nalo kaye kwa woimira ogwira ntchito kapena loya. Kalata ya dokotala yopempha tchuthi cha matenda ikhoza kungonena kuti simungathe kugwira ntchito kwa masiku akutiakuti, popanda kutchula matendawo, ndipo mukhoza kupempha dokotala kuti ailembe motero.

Chenjerani ndi nthawi. Ku South Africa, mwachitsanzo, dandaulo la kuchotsedwa ntchito mosayenera liyenera kufika ku bungwe loyanjanitsa la CCMA pasanathe masiku 30, pomwe la tsankho lili ndi miyezi 6. Dziko lililonse lili ndi malire ake, ndipo funso loyamba kwa aliyense wokuthandizani likhale lakuti mwatsala ndi masiku angati.

Mukaimbidwa mlandu wopatsira kapena kuika wina pachiswe

Apa cholakwika chimodzi chimawononga zambiri. Musafotokoze nkhani yanu kwa apolisi, musasayine chikalata chovomera mlandu, ndipo musavomere kuti atenge buku lanu la kuchipatala kapena magazi anu musanaonane ndi loya, pokhapokha ngati akuonetsani chilolezo cha khoti. Anthu ena amavomera mlandu chifukwa cha manyazi, pofuna kuti nkhani ithe msanga isanafike m'manyuzipepala, koma kuvomera kumatseka mpata woti khoti limve umboni wa sayansi.

Umboniwo ulipo. Mu 2018, asayansi 20 odziwika bwino a m'mayiko osiyanasiyana anasindikiza chikalata chogwirizana chofotokozera makhoti zimene sayansi ikudziwa pa HIV. Chikalatacho chimati kachilomboka sikafala kudzera m'malovu, kotero kulavulira munthu sikungamupatsire, kuti kondomu yogwiritsidwa ntchito bwino imateteza, ndiponso kuti kufananitsa tizilombo ta anthu awiri mu labotale sikungatsimikizire pakokha kuti uyu ndiye anapatsira uyo, ngakhale kungathe kusonyeza kuti woimbidwa mlanduyo si amene anapatsira. Uzani loya wanu za chikalatachi, chifukwa si maloya onse amene anachiwerenga. Mukumbutseninso kuti amene anayamba kuyezetsa si ndiye kuti anayamba kutenga kachilombo. Amayi ambiri amadziwa msanga chifukwa amayezedwa kusikelo, ndipo zimenezi zimachititsa kuti aziloza iwo chala pomwe palibe amene akudziwa kumene kachilomboko kanachokera.

Mlandu wa EL wa ku Malawi ukusonyeza kusiyana kumene loya amabweretsa. Mayi wina amene ankamwa ma ARV anaweruzidwa kuti akakhale kundende miyezi 9 pa mlandu woti anayamwitsa mwana wa munthu wina, pogwiritsa ntchito ndime 192 ya malamulo a milandu yaupandu yonena za kufalitsa matenda oopsa. Mwanayo sanatenge kachilombo ndipo mayiyo analibe loya. Atachita apilo mothandizidwa ndi maloya ndi akatswiri a zachipatala, Khoti Lalikulu linafafaniza chigamulocho mu Januwale 2017. Mlanduwu umadziwika ndi zilembo ziwiri zokha chifukwa khoti linavomera kubisa dzina la mayiyo, ndipo inunso mukhoza kupempha zomwezo kumayambiriro kwa mlandu, dzina lisanalembedwe m'mabuku amene atolankhani amawerenga.

Maulendo akunja

Dziko la United States linachotsa chiletso chake cholowa kwa anthu amene ali ndi HIV mu 2010, koma mayiko ena, monga Russia, Saudi Arabia, Qatar ndi United Arab Emirates, amayezabe alendo ofuna chilolezo chogwira ntchito kapena chokhalitsa, ndipo wopezeka ndi kachilombo amamanidwa chilolezocho kapena kubwezedwa kwawo. Fufuzani zimenezi musanalipire wokupezerani ntchito kapena kugula tikiti. Mankhwala anyamuleni m'chikwama cha m'manja, m'botolo lake lenileni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena kuti ndi anu, ndipo tengani ochulukirapo kuposa masiku a ulendowo.

Kalembedwe ka dandaulo

Yambani ndi ofesi imene ili pafupi ndi vutolo, monga mkulu wa chipatala, woyang'anira ogwira ntchito kapena mphunzitsi wamkulu, chifukwa mabungwe apamwamba amakonda kufunsa ngati munayesa kaye kumeneko. Zikakanika, pitani ku bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala kapena anamwino, ku ofesi ya zantchito, kwa mkulu womva madandaulo a anthu, kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu. Dziko la Kenya lili ndi bwalo lapadera lomva milandu ya HIV ndi Edzi yokha, koma m'mayiko ambiri milanduyi imapita ku makhoti wamba, ndipo mabungwe monga Southern Africa Litigation Centre ndi KELIN, bungwe la ku Kenya loona za malamulo ndi HIV, akhala akuthandiza pa milandu imene ingasinthe kamasuliridwe ka lamulo.

Kalata ya dandaulo ikhale yaifupi, makamaka tsamba limodzi. Fotokozani zimene zinachitika motsata masiku, tchulani mboni zimene zavomera kutchulidwa, ndipo nenani chimene mukufuna: kupepesedwa, kubwezeretsedwa pantchito, chipukuta misozi, kapena kusintha kwa kachitidwe ka zinthu pamalopo. Lembani pamwamba kuti nkhaniyi ndi yachinsinsi ndipo iwerengedwe ndi okhawo amene akuifufuza, chifukwa dandaulo likamadutsa m'manja ambiri likhoza kufalitsa chinsinsi chomwe mukudandaulacho. Perekani mapepala ofotokopa, enieniwo asungeni. Pokapereka, nyamulani makope awiri ndipo pemphani wolandira kuti adinde chidindo, alembe deti ndi kusayina pa kope lanu. Mufunseni kuti yankho muliyembekezere liti, ndipo tsikulo likadutsa popanda yankho, lembaninso kalata yachiwiri yotchula deti la yoyambayo musanapite ku ofesi yapamwamba.